Vaneti ya Ba Chilekwa Itakana Kulira

Anthu atabwera kumanda anaima pamzere pachipata kuti asambe m'manja, koma Mwiche anawalambalala onse n'kulunjika kuseri kwa nyumba kumene kunali vaneti ya bambo ake. Matope a kumanda anali adakali kumapazi. Anali atalira mpaka mawu kusasa, ndipo m'mutu mwake munangotsala funso limodzi lomwe linamumana tulo masiku atatu: galimoto imene sinawachititsepo manyazi Ba Chilekwa zaka khumi ndi zisanu, inakaniranji kulira Lachiwiri m'mawa?

Lachiwiri limenelo mphumu inawagwira bambo akewo dzuwa likungotuluka. Komboni yawo yonse ya Kanyama, mu Lusaka, inali m'madzi monga imakhalira mvula ikakwiya, ndipo a matakisi ankangomva dzina la malowo n'kudula foni. Vaneti yokha ndiyo inkadutsa m'zithaphwizo osayang'ana kumbuyo. Tsiku limenelo inakana. Anawanyamula pa wilibala mpaka kumsewu wa tala, ndipo pamene Mwiche ankafika kuchipatala kuchokera ku Matero kumene ankagwira ntchito ya umakaniko, anangopeza akuwafunditsa nsalu kumaso.

Imfa ku Kanyama siyenda yopanda mwini. Pofika Lachinayi inali itapatsidwa kale dzina, ndipo dzinalo linali la Ba Ketty, mkazi wachiwiri wa malemu. Amene ankalifalitsa anali Ba Mwape, mlongo wawo wa Ba Chilekwa, mayi amene anatsika basi ya ku Kitwe atazenga kale mlandu n'kuugamula. Masana a tsiku loika maliroli, ikakwana fifitini, ndiye kuti 3 koloko, abale amayenera kukhala pansi pa mwambo wa isambo lyamfwa, pamene amafotokozerana momwe munthu wafera ndi amene ali ndi mlandu. Aliyense ankadziwa mapeto ake. Ba Ketty akatuluka m'nyumbamo ndi chikwama chimodzi, ndi mbiri yoti anapha mwamuna wawo.

Mwiche sankawakonda kwenikweni mayi omupezawo, komanso sankadana nawo. Chomwe ankadziwa n'chakuti injini simva mankhwala. Anamanga chitenje chakuda chija molimba n'kutsegula boneti.

"Iwe Mwiche, wafunta?" Anali Ba Mwape, atagwira m'chiuno. "Batate bako tabashika kumanda manje manje, iwe uli mu boneti? Bantu bazakamba ati chani?"

"Nifuna kuziba chamene motoka inakanila, ba anti."

"Awe mwandi, ico cizibika kale. Motoka inalila bwino bwino. Uja mukazi anangogwila chabe chitseko, motoka zii. Onse banaona. Ufuna vinangu vichani?"

"Nifuna kuona na menso yanga."

"Ona. Koma fifitini ikakwana ubwele unkhale pansi monga mwana wa munthu."

Panali patatsala maola awiri.

*

Woyamba kumufunsa anali Ba Twalibu, mkulu wokhoma zidebe kutsidya kwa msewu, amene makolo ake anachokera ku Mangochi. Paunyamata wawo anayendetsapo malole, ndipo ndiwo anakhala pa chiwongolero m'mawa wa Lachiwiri. Anabwera pang'onopang'ono atagwira chisoti chawo choyera m'manja, n'kuima pambali pa injini ngati munthu wodzazonda matenda.

"Mwana wanga, ine ndinena zomwe manja angawa anachita, zina sindikudziwa," anayamba motero, m'Chichewa chawo cha kumudzi chomwe zaka makumi anayi za mu Lusaka zinalephera kuchipinda. "Ndinatembenuza kiyi. Nyale ya mahita otenthetsa injini inayaka. Ndinadikira mpaka yazima, monga ankachitira mnzangayo. Ndinaliza. Inalira kamodzi kokha."

"Inalila?"

"Walahi inalira, bwinobwino. Ndinaisiya ikutenthetsa, ife tikutulutsa odwala ndi matiresi. Titangowagoneka kumbuyoku, mayiwa akutsegula chitseko kuti akwere, ndipamene inayamba kutsokomola. Inagwedezeka, inatulutsa utsi woyera, basi."

"Woyela? Osati wakuda?"

"Woyera ngati wa m'ketulo. Ndinayesa kasanu. Sitata imazungulira mwamphamvu, koma moto osagwira. Anyamata anakankha mpaka pachipata, osatheka. Ndinamva mnzanga kumbuyoku akufunafuna mpweya, ine kiyi ali m'manja." Anaima kaye n'kupukuta m'maso ndi chisoti chija. "Ndayendetsa malole mpaka ku Beira, koma mamita makumi awiri amenewa anandikanika."

Mwiche akanayamba kulira pamenepo sakanathanso kugwira sipanala, choncho anaweramira mu injini.

Anayamba ndi zosavuta, monga anamuphunzitsira bambo ake. Mitu ya batire inali yolimba, yopanda chuku. Anatembenuza kiyi theka, khutu ali nalo pa pampu, ndipo anamva kaphokoso koti "tek", kusonyeza kuti kachitseko ka mafuta katseguka. Mahita anawayesa limodzilimodzi ndi kawaya, onse anathetheka. Kenako analiza injini. Inazungulira mwaulesi, chifukwa batire inali itatopa, koma phokosolo linakwanira kutontholetsa nyimbo ya amayi m'nyumba. Amuna amene anali mu tenti anatembenuka onse ngati amva malemu akutsokomola.

Moto ulipo, mpweya ulipo. Chotsala chinali chakumwa. Anamasula nati ya paipi yopita ku nozo yoyamba yopopera mafuta mu injini, n'kuuza Ba Twalibu kuti atembenuze kiyi. Zomwe zinatuluka sizinali dizilo. Zinali zotuwa, za thovu, ndipo atazipaka pakati pa zala sizinaterere.

Anatola botolo la pulasitiki pa dzala, analitsuka, n'kulitchera kunsi kwa fyuluta. Atamasula kampopi kake, botolo linadzadza mpaka pakati. Analikweza kudzuwa. Pamwamba panayandama kadizilo kochepa, kosakwana chala chimodzi. Zonse za pansi zinali madzi.

"Mvula," anatero Ba Twalibu msangamsanga, ngati munthu amene wapeza pothawira. "Ndi mvula imeneyi, mwana wanga. Palibe munthu apa."

Mwiche akanakonda zikanakhala choncho. Anapita pa chivundikiro cha thanki. Chinali ndi loko, ndipo pansi pake bambo ake anaikapo mphira wa chubu woti ngakhale dontho silikanadutsa. Galimotoyo inkagona pamiyala yokwera imene madzi osefukira sanafikepo. Komanso madzi a mvula ya ku Kanyama aliyense amawadziwa mtundu wake ndi fungo lake. Awa anali oyera mbee. Anathira pang'ono pachikhatho n'kununkhiza, kenako analawa ndi nsonga ya lilime.

Kuseri kwa fungo la dizilo kunali fungo lina. Anali klorini.

Pabwalo lonselo mgolo wa madzi othira klorini unali umodzi wokha, wabuluu, umene unkakhala kukhitchini kwa Ba Ketty chiyambire kolera ya chaka chatha. Ndipo kiyi wa loko uja ankakhala pa lamba wa thalauzi la malemu, kuchipinda kumene ankagona anthu awiri okha.

*

Namfedwa safunsidwa mafunso pagulu. Ba Ketty anali pa matiresi pansi, atazunguliridwa ndi amayi a kutchalitchi, mutu atauweramitsa. Mwiche anagwada pafupi n'kunena mokweza kuti awaperekeze kukasamba kumaso. Atafika kuseri kwa bafa la malata anawaonetsa botolo lija.

"Aya manzi yachoka mu motoka. Ni ya mu dilamu yanu."

Ba Ketty analiyang'ana botololo kanthawi. Sanadabwe, ndipo kusadabwako kunamulasa Mwiche mumtima.

"Kiyi ya thanki inali kuti?"

"Pa thalauzi yao, kumbuyo kwa chitseko. Pamene inkhala masiku yonse."

"Nindani anangena ku bedirumu sabata yatha?"

"Bantu. Munthu akadwala bantu bamangena."

"Bantu bati?"

"Sininalembe maina, Mwiche."

"Ba Ketty, muziba vamene bafuna kumuchitani fifitini ikakwana? Nikambileni chabe chilungamo. Munathila ndimwe?"

Mayiwo anakweza maso koyamba. Anali otupa, ofiira, maso a munthu amene sanagone chichokereni Lachiwiri. Analankhula motsitsa, ndi kalankhulidwe kawo ka ku Petauke.

"Ine ninasunga batate bako zaka naini. Usiku bakatsekeka pa chifuba nenze kunkhala nabagwilila mpaka kucha. Ngati uganiza kuti ningabapaye, ganiza. Baleke bakambe vamene bafuna. Ine nizayenda kwathu, amene ninabwelela kuno kulibe."

"Simunaniyankhe."

"Taya manzi ayo, mwana wanga. Batate bako sibazauka."

Anadzikulunga chitenje n'kubwerera m'nyumba okha. Mwiche anatsala ataima, botolo lili m'manja, mutu uli ziii. Munthu wosalakwa amakana, amalumbira, amatukwana kumene. Uyu sanakane, koma sanavomerenso. Ankaoneka ngati munthu amene wakhalira chinthu kuti ena asachione.

*

Anabwerera ku vaneti, ndipo m'pamene anakumbukira ndodo. Geji ya mafuta inafa kalekale, Mwiche asanakwatiwe n'komwe, ndipo Ba Chilekwa sanafune kumva zogula ina. Anasema ndodo ya mlombwa n'kuidula mizere inayi. M'mawa uliwonse asanamwe tiyi ankatsegula loko, kuviika ndodo m'thanki n'kuiyang'anitsitsa ngati kalata. Chiyambire kudwala sankalola mafuta kutsika mzere wachitatu. Ankati galimotoyo ndiyo ambulansi yawo. Lachisanu lapitalo Mwiche mwiniwake ndiye anawaperekeza kukathira dizilo, ndipo ndodo inanyowa mpaka pamzere wachitatu ndendende. Kuchokera tsiku limenelo galimoto sinayendenso.

Ndodoyo anaipeza kuseri kwa mpando. Kiyi wa loko anali pamodzi ndi wa galimoto tsopano. Anaviika n'kutulutsa. Mzere wachitatu, osapitirira ngakhale chikhadabo.

"Lolemba m'mawa ndinawaona akupima, atafunda bulangete," anatero Ba Twalibu, amene anali asanachoke. "Anandiimikira ndodoyo n'kunena kuti, tili bwino achimwene."

Mwiche anamasula paipi ya pansi pa thanki n'kutchera ndowa. Madzi anatuluka, natuluka, natuluka. Ndowa ya malita khumi inatsala pang'ono kudzadza pamene dizilo weniweni anayamba kubwera. Anatseka n'kukhala pansi pamatope pomwepo, osasamala za chitenje.

Munthu wofuna kupha galimoto amangothira madzi n'kuchoka, ndipo mafuta amakwera kupitirira mzere. Uyu anachotsa malita khumi n'kubwezera malita khumi, mosamala, kuti ndodo isaulule. Sankafuna kuti galimoto ife. Ankafuna dizilo, ndipo ankaopa ndodo ya Ba Chilekwa. Ba Ketty analibe chochita ndi dizilo. Nanga m'komboni momwe anthu amaphikira makala, malita khumi anapita kuti?

Pa Kanyama funso lotere ulipititse kwa Ba Happy, mayi wa saluni ya pakona, amene khomo lake limayang'ana misewu itatu ndipo pakamwa pake sipatsekedwa ngakhale pamaliro. Mwiche anamupeza kumoto, akupakula ndiwo za anthu obwera kumanda.

"Dizilo? Ine nizibe bwanji va dizilo, mami? Ine nili na mavuto yanga. Malaiti yanayenda pa Satade kuseni, yabwela Mande usiku. Makasitoma batatu banabwelela na sisi zonyowa. Komboni yonse mudima, ma filiji yanunkha. Koma baja ba chechi ya mu shedi, mayo ine! Masipika kulila kuchokela fotini mpaka mazulo, kiyibodi, maiki, vonse. Nati bantu aba malaiti bayachosa kuti? Kansi ni jenereta ija ikulu, yamene inankhala miyezi ibili ilibe mafuta."

"Banali kuchita chani pa Sondo mazulo?"

"Ah, iwe suziba? Yenze mapemphelo ya batate bako! Kubapemphelela kuti bapole. Mufana wako Fabian ndiye anakonza vonse. Anapita apa na kontena ya yelo, shati yoyela, achita kukhosomola monga wamwa parafini. Nati Fabian uli bwino? Ati nili pa fasitingi, ba Happy. Mwana wabwino uja, anabakonda batate bake."

Ba Happy anapitiriza kulankhula, koma Mwiche sanamvenso kanthu.

*

Fabian anali mlongo wake wamng'ono, ndipo kunena zoona anali mwana wake woyamba. Mayi awo atamwalira Fabian anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mwiche ndiye ankamusambitsa, kumuperekeza kusukulu, kumufunditsa akamalira. Anasiya sukulu giredi naini n'kulowa pansi pa magalimoto ndi bambo ake kuti mnyamatayo aphunzire. Ba Chilekwa sankalola kuti Fabian agwire ngakhale sipanala. Ankati manja amenewo ndi a bolopeni, girizi pabanjapo wakwana. Mnyamatayo anamaliza koleji, ntchito osaipeza, ndipo mtima wake wonse anaupereka kutchalitchi cha mu shedi chija.

Mlongo wakeyo anamupeza kuseri kwa tenti akupinda mipando, ali mu suti yakuda imene Mwiche anamugulira tsiku lomaliza maphunziro. Anamukokera ku vaneti n'kumuimika patsogolo pa ndowa ija.

Fabian anayang'ana ndowayo, anayang'ana ndodo, kenako nkhope yake inagwa ngati khoma la zidina zosawotcha.

"Ba sisi..."

"Kamba."

"Ninabapempha. Ninabapempha bwino bwino pa Satade, nati ba tata ten litazi chabe, ni mapemphelo yanu. Banakana. Bati Mulungu amamvela na popanda masipika. Manje ine nenze nauza kale bantu, ba pasita baitana na bantu baku Chawama. Pa Sondo banagona masana, ninangena kubapemphelela, thalauzi yenze pamene paja." Mawu ankatuluka mothamanga, akugundana. "Nenze kufuna kubweza pa Wenizide. Shuwa, ba sisi, pa Wenizide. Sibenze kuyenda kulikonse, benze odwala."

"Na manzi?"

"Ndodo. Bakanaona kuseni."

"Unaganiza injini izamwa chani, Fabian?"

"Mafuta yamayandama pamwamba pa manzi. Tinaphunzila ku sukulu. Ninaganiza izayamba kumwa dizilo ya pamwamba, manzi yazankhala chabe pansi, phee, mpaka nibweze."

Mwiche anatseka maso. Mwana wa zaka zinayi wa m'galaja akanamuseka. Koma uyu anali mwana amene iwo eni anamutchinga kuti asadetse manja.

"Paipi imamwela pansi," anatero ndi mawu osweka. "Pansi, Fabian. Inayamba na manzi yako."

Mnyamatayo anagwada m'matope n'kugwira miyendo ya mlongo wake. Analira mosatulutsa mawu, mapewa akugwedezeka. Mwiche anapezeka kuti dzanja lake lafika kale pamutu pake, monga linkachitira kale, ndipo anadana nalo dzanjalo.

"Ba Ketty baziba?"

"Banawasha shati. Yenze kununkha dizilo. Pa Chibili mazulo bananiyangana chabe, sibanakambe vilivonse."

Ndiye chimene mayi aja anakhalira n'chimenechi.

"Fifitini ikakwana uzaimilila, uzakamba weka."

"Ba sisi, awe. Ba anti bazanipaya. Ku chechi nizangena bwanji? Komboni yonse izaniita ati uja anapaya batate bake." Anakweza nkhope yonyowa. "Ba Ketty bavomela kale kuyenda. Bali na kwao ku Petauke, bali na babululu, abale bao. Ine nilibe wina, ndimwe chabe. Tayani chabe manzi, palibe azaziba."

Mawu amenewo anamupweteka Mwiche kuposa madzi a m'thanki. Kulakwa kuja kunali kwa umbuli ndi chikondi chopusa. Uku kunali kwa munthu amene maso ake ali otseguka. Anachotsa dzanja lake pamutu paja.

"Nizakupasa mpata uyambe ndiwe. Ukankhala zii, nizakamba ine."

*

M'chipinda chochezera anatulutsamo mipando yonse. Amuna anakhala pamabenchi kukhoma, amayi pansi, Ba Ketty pakati pa mphasa ndi malume awo okalamba amene anabwera okha kuchokera ku Petauke. Anthu ena anadzadza pamawindo. Mkulu wa banja anatsegula ndi pemphero, n'kupempha kuti amene ali ndi mawu pa imfayi alankhule, kuti zikatha apa zithe.

Ba Mwape sanadikire kupemphedwa kawiri. Anafotokoza za galimoto imene inalira bwinobwino, za dzanja limene linagwira chitseko, za nyumba ya zipinda zisanu imene ena anaiwerengera kale. Analira, analoza chala, anatchula dzina la mlongo wawo katatu. M'chipindamo anthu ankang'ung'udza movomereza. Malume aja anangoweramitsa mutu, chipewa chili pamaondo.

"Ba Ketty, muli na mau?" anafunsa mkulu uja.

"Nilibe."

Mwiche anayang'ana Fabian. Anali pabenchi pafupi ndi khomo, maso ali pa nsapato zake. Anawerenga mumtima mpaka khumi. Anawerenganso kachiwiri, akumupempha chamumtima ngati mmene ankamunyengerera kumwa mankhwala ali mwana. Fabian sanasunthe.

Ndipo Mwiche anayenda chogwada mpaka pakati, naika botolo lija pansi.

"Motoka sinamangiwe na munthu. Inamwa manzi. Aya. Munthu anachosa dizilo ten litazi, anathila manzi kuti ba tata basazibe. Ba Twalibu baona na menso yao."

"Ndaona," anatero Ba Twalibu ali pakhomo. "Ndowa yathunthu."

"Ehe!" anakuwa Ba Mwape. "Nindani wina angathile, kuchosako uyu wamene agona na makiyi?"

"Mwiche, leka." Anali Ba Ketty, ndipo aka kanali koyamba kukweza mawu chiyambire maliro. "Leka, nakupapata. Ni mwana."

Mwiche akanatha kulekera pomwepo. Akanatha kunena kuti sakudziwa, mayiwo n'kukwera basi mawa, iye n'kutsala ndi mlongo wake.

"Ni Fabian," anatero Mwiche. "Anatenga dizilo ya jenereta, ya mapemphelo ya ba tata. Sanazibe kuti manzi yazapaya injini. Ba Ketty banaziba, banankhala chabe zii kuti bamusunge."

Zomwe zinatsatira Mwiche anazimva ngati zikuchitikira kutali. Wina pawindo anakuwa. Ba Mwape anangoti kukamwa yasa, chala chija chidakali m'mwamba chopanda pochiloza, kenako anakhala pansi n'kufundira chitenje kumutu. Amuna awiri anaimirira, mkulu uja n'kuwabweza ndi dzanja. Malume a ku Petauke anavala chipewa chawo, anachivulanso, misozi ikutsikira m'ndevu.

Fabian anatsetsereka pabenchi n'kukwawa mpaka pamphasa. Sanapite kwa Ba Mwape kapena kwa mkulu uja. Anaima ndi maondo patsogolo pa mlongo wake, ndipo nkhope imene Mwiche anaiona inali ya kamwana kaja ka zaka zisanu ndi chimodzi.

"Ba sisi, niuzeni chabe chimozi. Motoka ikanalila, sembe banapola?"

Mwiche yankho ankalidziwa. Lachiwiri lija, pakhonde la chipatala, namwino anawauza iye ndi Ba Ketty, awiriwiri, kuti akanafika nawo theka la ola m'mbuyomo bwenzi atawatsegula chifuwa n'kubwerera nawo kunyumba. Tsiku lonseli ananena zoona, ndipo zoonazo zinamudyera zonse zimene anali nazo. Anayang'ana mwana amene anamulera, ndipo anaona kuti akamupatsanso ichi sadzadzukanso.

"Awe," anatero. "Ba nesi banakamba ati mutima wenze waleka kale. Olo ikanalila, sembe sibanafike."

Fabian sanakhulupirire msanga. Anatembenukira kwa munthu yekhayo amene analipo tsikulo, mayi amene iye anali wokonzeka kuwakweza basi ndi mlandu wake.

Ba Ketty anamuyang'ana Mwiche nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja n'kupukuta matope amene anali pa bondo la suti ya mnyamatayo.

"Ni zoona, mwana wanga," anatero. "Nenzepo, ninamvela na matu yanga."